Kodi Luton Inalakwa Chiyani?



M'Ramadhan timakumbutsana kawirikawiri za miseche. Mashehe athu amatiuza kuti munthu akhoza kumanga tsiku lonse, kukhosi kuli gwa, koma n'kufika pa futari alibe chimene wapindula chifukwa cha lilime lake. Tikamamva ulaliki umenewu timaganizira za munthu mmodzi: mnzathu wa kuntchito, apongozi, kapena neba amene tinayambana naye. Lero ndikufuna tiganizire za mjedo wina umene ambiri sitiuwerengera n'komwe, womwe ndi kujeda malo. Munthu amatchula dzina la tauni n'kukwinya nkhope, ngati kuti anthu onse okhala kumeneko ndi munthu mmodzi wakhalidwe loipa.

Ndatenga chitsanzo cha tauni ya Luton ku England, chifukwa mabanja athu ena amakumana nayo. Mwana akapeza malo pa University of Bedfordshire, kapena mlongo akapeza ntchito yosamalira okalamba kumeneko, makolo amafunsa wachibale amene ali kale ku Britain. Yankho lake nthawi zambiri limakhala lofanana: "Ku Luton? Mwasowa kwina kodi?" Mukafunsitsa kuti kuli chiyani, mupeza kuti woyankhayo sanagoneko ngakhale usiku umodzi. Anangodutsako popita kukakwera ndege.

Maganizo anga ndi akuti mbiri yoipa ya Luton ili ndi choonadi china mkati mwake, koma yambiri inamangidwa ndi anthu akunja kwa tauniyo, ndipo inayamba kale Asilamu asanachuluke kumeneko. Tiyeni tiione bwinobwino.

Tauni yake ndi yotani

Luton ili m'chigawo cha Bedfordshire, makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa London. Sitima yochokera pa St Pancras imatenga pafupifupi theka la ola, choncho anthu ambiri amagona ku Luton n'kumalawirira ku London kukagwira ntchito. Pa kalembera wa 2021 munapezeka anthu pafupifupi 225,000. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 38 anati ndi Akhristu ndipo 33 anati ndi Asilamu. Otsalawo ndi Ahindu, Asikh, Ayuda ndi ena osapembedza. Palibe mtundu umene ukufika theka la anthu onse, ndipo azungu a ku Britain komweko ndi ochepera pang'ono pa munthu mmodzi mwa atatu.

Mukayenda mumsewu wa Dunstable Road m'dera la Bury Park, mumva Chiurdu, Chibengali, Chipolishi, Chiromaniya ndi Chisomali. Mumvanso Chishona, poti a ku Zimbabwe ambiri anakhazikika ku Luton kuyambira m'zaka za m'ma 2000. Mabutchala a nyama ya halaal ali mbali zonse, ndipo mzikiti waukulu wa pa Westbourne Road waima pamenepo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Tauni imeneyi ndi imene buku lina lanthabwala la mu 2004, lotolera mavoti a owerenga, linaiika pa nambala 1 pa matauni oipitsitsa m'dziko lonse la Britain. Kuyambira pamenepo, mavoti a pa intaneti a mtundu womwewo akhala akuibwezera pamwamba, ndipo nyuzipepala zimasindikiza zotsatirazo ngati nkhani yeniyeni. Amene amavota sadziwika, ndipo palibe amafunsa ngati anakhalako.

Chipongwe chinayamba kale

Amene amaganiza kuti Luton inaipa dzina chifukwa cha alendo sadziwa mbiri yake. Iyi inali tauni ya anthu ogwira ntchito zamanja kuyambira kale. Ntchito yake yoyamba yotchuka inali yoluka ndi kusoka zipewa za mapesi a tirigu, ntchito imene amayi ndi atsikana ndiwo ankaigwira kwambiri. M'zaka za m'ma 1930 derali linkapanga zipewa zoposa 70 miliyoni pachaka, ndipo mpaka lero timu yampira ya kumeneko imatchedwa The Hatters, kutanthauza opanga zipewa.

Ku England nkhani ya kusiyana pakati pa mabanja apamwamba ndi anthu wamba ndi yozika mizu. Munthu amayezedwa ndi kalankhulidwe kake, sukulu imene anapita, ndi kumene amakhala. Tsoka la Luton n'lakuti inazunguliridwa ndi matauni a anthu olemera. Harpenden ili pafupi kwambiri, pa njanji yomweyo yopita ku London, ndipo kutsogolo kwake kuli St Albans. Kumeneko n'kumene kumakhala maloya, madokotala akuluakulu ndi mabwana a mabanki. Kwa anthu amenewa, Luton yakhala nthawi zonse kumene kumachokera utsi ndi antchito. Mbiri ya malo imapangidwa kwambiri ndi oyandikana nawo, ndipo oyandikana ndi Luton ndi anthu amene mawu awo amamveka m'nyuzipepala ndi pa wailesi.

Pa 19 July 1919, tsiku limene Britain inkakondwerera mtendere nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, asilikali opuma a ku Luton anakwiya ndi mmene akuluakulu a tauni anawachitira. Ambiri analibe ntchito, pamene akuluakuluwo ankakonza phwando lawo lodula. Chipolowe chinabuka, nyumba ya khonsolo inatenthedwa, ndipo meya Henry Impey anathawa m'tauniyo. Nthawi imeneyo kunalibe mzikiti ngakhale umodzi ku Luton.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pa wailesi yakanema panali malonda a chakumwa china choledzeretsa. Mwamuna wovala bwino ankafunsa mtsikana wokongola ngati watsika kuchokera ku paradaiso, ndipo mtsikanayo, polankhula ngati mwana wa anthu wamba wa ku London, ankayankha kuti ayi, wachokera ku bwalo la ndege la Luton. Dziko lonse linaseka. Chimene ankaseka chinali chakuti Luton ndi malo a anthu wamba opita kutchuthi chotchipa. Nthabwala imeneyi inamatirira kwa zaka zambiri.

Ndiye pa 13 March 1985, pa masewero a Luton Town ndi Millwall pa bwalo la Kenilworth Road, panachitika chimodzi mwa zipolowe zoipitsitsa m'mbiri ya mpira wa ku England. Amene anazula mipando ndi kuswa mawindo a nyumba zapafupi anali makamaka ochemerera obwera kuchokera kwina. Koma zithunzi zimene dziko linaona zinalembedwa dzina la Luton. Chizolowezi chimenechi, choti alendo achite choipa koma dzina lotchulidwa likhale la mwini malo, tichionanso kutsogoloku.

Fakitale itazima

Kampani ya galimoto ya Vauxhall inasamukira ku Luton mu 1905, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 inali msana wa tauniyo. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inkapanga akasinja otchedwa Churchill. Pachimake pake inkalemba ntchito anthu oposa 30,000. Panalinso mafakitale a Electrolux ndi SKF. Ntchito zimenezi ndi zimene zinakoka anthu: poyamba a ku Scotland, Wales ndi Ireland, kenako a ku zilumba za Caribbean, kenako a ku Pakistan, makamaka madera a Mirpur ndi Kotli ku Kashmir, ndi a ku Sylhet ku Bangladesh. Anthuwa anabwera chifukwa mafakitale ankasowa manja, ndipo ambiri ankagwira mashifiti ausiku amene eni dziko sankawafuna. Anagula nyumba zakale zoyandikana za ku Bury Park chifukwa ndi zimene akanakwanitsa, ndiponso chifukwa m'madera ena sankalandiridwa.

Mu December 2000 kampaniyo inalengeza kuti isiya kupanga galimoto zing'onozing'ono ku Luton, ndipo yomaliza inatuluka mu March 2002. Fakitale ya maveni inapitirira, koma nayonso inatsekedwa mu March 2025, ntchito pafupifupi 1,100 n'kutha.

Fakitale yaikulu ikatseka, sikuti amavutika ndi antchito ake okha. Makampani ang'onoang'ono opereka zipangizo amatseka, malo odyera a pageti amatseka, ndipo mnyamata amene bambo ake ndi agogo ake analowa ntchito ali ndi zaka 16 amapeza kuti khomo limenelo kulibenso. Ntchito zimene zinalowa m'malo ndi za m'nyumba zosungiramo katundu, za pa bwalo la ndege, za mataxi ndi zosamalira odwala. Zambiri ndi zamalipiro ochepa ndiponso zosadalirika. Lero mwana woposa mmodzi mwa atatu ku Luton akukulira muumphawi monga mmene boma la Britain limauyezera. Khonsolo yomwe inavomereza vutoli pokhazikitsa masomphenya akuti pofika 2040 pasakhale munthu wokhala muumphawi m'tauniyo.

Nkhani ya nyumba inawonjezera mavuto. Malire a Luton ndi othina, malo omangapo anatha, koma anthu akuchulukabe chifukwa lendi ndi yotsikirako poyerekeza ndi ya ku London. Makhonsolo ena a ku London, akasowa kosunga mabanja opanda pokhala, amawatumiza ku Luton. Eni nyumba ena amagawa nyumba ya banja limodzi kukhala zipinda za anthu asanu ndi atatu. Zikatero zinyalala zimachuluka, galimoto zimasowa poima, ndipo msewu umaoneka wotopa. Wodutsa amaona zinyalalazo n'kunena kuti ndi chikhalidwe cha anthu a kumeneko. Sadziwa kuti ena mwa mavuto amene akuwaonawo anatumizidwa kuchokera kumene iye amakhala.

Tauni yodutsamo

Chinthu china chimene chimaipitsa dzina la Luton n'chakuti anthu ochuluka kwambiri amaiona, koma ochepa ndi amene amaidziwa. Msewu waukulu wa M1 umadutsa m'mbali mwake. Bwalo la ndege, limene linatsegulidwa mu 1938 ndipo mwini wake ndi khonsolo ya tauniyo, linatumikira anthu pafupifupi 18 miliyoni mu 2019. Kampani ya easyJet inayambira pamenepo mu 1995. Tangoganizani: anthu mamiliyoni amene Luton yawo ndi kudzuka 3 koloko usiku, kuima pamzere, kulipira malo oimika galimoto okwera mtengo, ndi ndege yochedwa. Akabwerera kwawo, dzina la Luton limawakumbutsa kutopa.

Amene angalowe pakati pa tauni amapeza chimene okonza mizinda a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anasiya. Misewu yakale yambiri inagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba yaikulu ya masitolo yotchedwa Arndale Centre, imene inatsegulidwa mu 1972. Inadula tauniyo pakati ndipo inaphimba ngakhale mtsinje wa Lea. Amene anasankha zimenezi sanali ogulitsa samusa a ku Bury Park. Koma mlendo akatsika sitima n'kuona konkire yotuwa, kenako n'kuona amayi ovala hijab, mumtima mwake zinthu ziwirizi zimalumikizana, ngakhale palibe chimene chikuzigwirizanitsa.

Anthu 20 ndi makamera

Tsopano tifike pa gawo limene limatikhudza ife Asilamu mwachindunji.

Pa 7 July 2005 zigawenga zinayi zinaphulitsa mabomba ku London n'kupha anthu 52. Zitatu zinachokera ku West Yorkshire, ndipo mmodzi ankakhala ku Aylesbury. Panalibe wa ku Luton. Koma zinakumana pa siteshoni ya Luton, kusiya galimoto pamenepo n'kukwera sitima. Chithunzi chimene dziko lonse linaona, cha anyamata anayi obereka zikwama, chinajambulidwa ndi kamera ya pa siteshoni imeneyo.

Pa 10 March 2009 asilikali a Royal Anglian Regiment, atabwerera kuchokera ku Iraq, anaguba m'misewu ya Luton. Kagulu ka anthu osaposa 20, otsatira gulu la al-Muhajiroun, kanaima ndi zikwangwani n'kumatukwana asilikaliwo. M'tauni ya Asilamu masauzande ambirimbiri, anthu 20 amenewa ndi amene anadzaza masamba oyamba a nyuzipepala tsiku lotsatira. Patangopita miyezi iwiri, anthu ena anatentha Luton Islamic Centre usiku, ngakhale mzikiti umenewu unali m'gulu la otsutsa kwambiri kagulu kaja. Kumapeto kwa May chaka chomwecho, Asilamu wamba a ku Bury Park anatuluka pambuyo pa Swala ya Ijumaa n'kukathamangitsa anyamata a al-Muhajiroun pamalo pamene ankakonda kuyala mapepala awo. Nkhani imeneyi inalembedwa, koma ndi ochepa amene amaikumbukira.

Kuchokera pa mkwiyo wa tsiku la asilikali lija munabadwa gulu la English Defence League, lotsogozedwa ndi mwana wa ku Luton, Stephen Yaxley-Lennon, amene amadzitcha Tommy Robinson. Kuyambira pamenepo magulu awiriwa ankadyetsana. Aliyense ankafuna mnzake kuti apeze otsatira, ndipo onse awiri ankafuna makamera. Atolankhani nawo anapeza kuti Luton ndi yosavuta: theka la ola pa sitima kuchokera ku London, n'kupeza wofuula wa mbali iyi ndi wofuula wa mbali inayo, madzulo n'kukhala atabwerera ku ofesi. Tauni yakutali ikanakhala ndi mavuto omwewa, sikanajambulidwa kawirikawiri chonchi.

Pa 11 December 2010 Taimour Abdulwahab al-Abdaly anadziphulitsa ku Stockholm, ndipo anafa yekha. Anabadwira ku Iraq, anakulira ku Sweden, koma anaphunzira ndi kukhala ku Luton. Akuluakulu a Luton Islamic Centre anafotokoza kuti m'mwezi wina wa Ramadhan zaka zingapo m'mbuyomo, iye ankabwera kumzikitiko n'kumafalitsa maganizo osokonekera, ndipo atamutsutsa pamaso pa anthu anatuluka mokwiya osabwereranso. Pa 5 February 2011 a EDL anadzaza Luton ndi zionetsero, ambiri a iwo atabwera pa mabasi ndi sitima kuchokera kwina, masitolo n'kutseka tsiku lonse. Mu January 2016 a gulu la Britain First anayenda m'Bury Park atanyamula mitanda, akuputa anthu ndi kujambula kanema woti akaike pa Facebook. Atsogoleri a mipingo ya ku Luton anadzudzula zimenezo poyera, ndipo m'chaka chomwecho khothi lalikulu linaletsa atsogoleri a gululo kubwereranso m'madera amenewo.

Mukaika zonsezi pamodzi muona mmene chipongwe chakale chinapezera chovala chatsopano. Kale ankaseka Luton chifukwa ndi ya anthu wamba. Tsopano anayamba kuiopa chifukwa ndi ya Asilamu. Ndipo munthu amene sangayerekeze kunena pagulu kuti sakonda anthu akuda kapena Asilamu, amatha kunena momasuka kuti Luton ndi malo onyansa, anzake n'kumva chimene akutanthauza.

Zimene sitiyenera kukana

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa Msilamu amalamulidwa kuchitira umboni choona ngakhale chikhale chomutsutsa iye mwini. Wina anganene kuti ndikuyeretsa Luton mopitirira, ndipo ali ndi mfundo.

Al-Muhajiroun inalidi ndi mizu ku Luton kwa zaka zambiri. Inakopadi anyamata, ena anapita kukafera kunja, ena anamangidwa pa milandu ya uchigawenga. Mu 2015 banja lina la anthu 12 la ku Luton, kuyambira agogo mpaka makanda, linapita ku Syria kudera la ISIS. Mtsogoleri wa gululo, Anjem Choudary, analamulidwa mu July 2024 kukhala m'ndende moyo wake wonse. Izi sizinapekedwe ndi nyuzipepala. Tiyeneranso kudzifunsa chifukwa chake anyamata obadwira ku England ankamvera anthu oterewa. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti m'mizikiti yambiri ya nthawi imeneyo khutba inkaperekedwa m'chinenero cha makolo chimene ana sankachimva bwino, ndipo mafunso awo okhudza nkhondo, tsankho ndi umunthu wawo sankayankhidwa. Amene ankawayankha m'Chingerezi chomveka anali oima pakona ndi timapepala. Nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma akuluwo nawo anachedwa kuona chimene ana ankadya.

Umbanda uliponso. Kuli magulu a anyamata ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, kuli kubayana ndi mipeni, ndipo dera la Marsh Farm linaona zipolowe za masiku angapo mu July 1995. Zinyalala zotayidwa m'misewu zina zimatayidwa ndi anthu amene amaswali kasanu patsiku. Kholo limene likufunsa ngati mwana wake adzakhala motetezeka silikuchita miseche, likuchita udindo wake.

Chimene ndikukana ndi kulumpha kuchoka pa "kuli mavuto awa" kufika pa "anthu ake ndi otere." Mavuto a Luton ndi ofanana ndi a matauni ena ambiri a ku England amene mafakitale awo anatseka, kuphatikizapo amene pafupifupi anthu ake onse ndi azungu. Kumeneko amati vuto ndi umphawi. Ku Luton amati vuto ndi anthu ake.

Zimene sizifika pa tsamba loyamba

Luton yomweyo ndi kwawo kwa Nadiya Hussain, mwana wa makolo ochokera ku Bangladesh, amene anapambana mpikisano wa Great British Bake Off mu 2015 atavala hijab yake, ndipo mu 2016 anaphika keke ya tsiku lobadwa la Mfumukazi Elizabeth II pamene inkakwanitsa zaka 90. Ndi kwawonso kwa Monty Panesar, Msikh amene anasewerera England kiriketi. Luton Sixth Form College, yotsegulidwa mu 1966, inali yoyamba ya mtundu wake ku England, ndipo chaka ndi chaka imatumiza ku mayunivesite ana a oyendetsa mataxi ndi a antchito a m'mafakitale.

Timu ya Luton Town inalandidwa mapointi 30 n'kutuluka m'maligi akuluakulu mu 2009. Inakwera pang'onopang'ono, ndipo pa 27 May 2023 inagonjetsa Coventry City pa mapenate ku Wembley n'kulowa mu Premier League. Mmodzi mwa amene anamwetsa penate tsiku limenelo anali Marvelous Nakamba wa ku Zimbabwe. Koma taonani chimene dziko linakambirana kwambiri: khomo lolowera ochemerera alendo pa Kenilworth Road, limene lili pakati pa nyumba za anthu za ku Bury Park, moti pokwera masitepe umaona kuseri kwa makomo awo. Ngakhale pa tsiku lachisangalalo, nthabwala ndi imene inatsogola. Timuyo inatsikanso, koma anthu amene anadzaza pakati pa tauni kuilandira, azungu, akuda ndi a ku Asia pamodzi, anaonetsa Luton imene makamera sakonda kuifunafuna.

Kulinso ntchito zachete. Bungwe la Luton Council of Faiths limayendetsa ulendo wamtendere chaka chilichonse, anthu azipembedzo zosiyana n'kumayenderana m'nyumba zawo zopempherera. Wailesi ya Asilamu ya Inspire FM imatumikira tauniyo. M'mwezi ngati uno kumakhala futari ya pabwalo pakati pa tauni, imene aliyense amaitanidwa, ndipo mizikiti imasonkhanitsa chakudya cha mabanja osowa posayang'ana chipembedzo chawo. Anthu oposa 200,000 amitundu yosiyana amadzuka tsiku lililonse, kukwera basi imodzi, kutumiza ana kusukulu imodzi, n'kugona popanda chochitika. Zimenezi sizigulitsa nyuzipepala.

Amalipira ndani

Wina angati, kodi nthabwala chabe ili ndi vuto lanji? Vuto lake limagwera anthu enieni. Limagwera mtsikana wa zaka 18 amene wafika ku yunivesite, anzake n'kumufunsa kwawo, iye n'kuyankha kuti "kufupi ndi London" chifukwa watopa ndi kusekedwa. Limagwera mnyamata amene dzina lake ndi Muhammad ndipo keyala yake ndi ya ku Luton, amene akamalemba kalata yofunsira ntchito amadziwa kuti akunyamula akatundu awiri. Limagwera tauni yonse pamene mphunzitsi waluso, dokotala kapena wamalonda asankha kupita kwina chifukwa cha zimene anamva. Ana ophunzira bwino nawo amakula akumva kuti kupambana ndiko kuchoka, ndiye amachokadi. Mbiri yoipa ikakhalitsa imayamba kubala zomwe inkanenazo.

Choopsa kwambiri n'chimene chimachitika mumtima mwa mwana amene wauzidwa kuyambira ali wamng'ono kuti kwawo ndi kudzala ndipo chipembedzo chake n'choopsa. Mwana wotereyu ndi amene anthu osokoneza aja amamufuna, chifukwa uthenga wawo woyamba ndi wakuti "dziko lino silikukufuna." Aliyense woseka Luton mosaganiza amawathandiza kutsimikiza uthengawo.

Phunziro lathu m'mwezi uno

Surat Al-Hujurat, sura ya 49 m'Qur'an yolemekezeka, ndi yaifupi, ya ma ayah 18 okha, ndipo ndikupempha banja lililonse liiwerenge pamodzi ndi tanthauzo lake usiku umodzi wa Ramadhan ino. M'menemo muli nkhani ya kufufuza uthenga tisanaukhulupirire, ya kusanyoza anthu ena, ya kusaitanana maina achipongwe, ya kupewa kuganizirana zoipa ndi miseche, ndiponso ya cholinga chimene Allah anatipangira kukhala mitundu yosiyanasiyana. Za chilamulo cha kujeda tauni yonse tiwasiyire mashehe. Koma mzimu wa surayi ndi woonekeratu, ndipo ukukhudza nkhani yathu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kwa makolo amene mwana wanu akupita ku Luton kapena ku tauni ina ya mbiri ngati imeneyi: funsani mafunso enieni. Funsani za msewu umene adzakhale, za mwini nyumba, za mtunda wofika kusukulu ndi kumzikiti, za amene amaphunzitsa pamzikitipo. Funsani munthu amene akukhala komweko, osati amene anangodutsa. Mayankho ake adzakuthandizani kuposa kukwinya nkhope kwa wachibale.

Kwa ophunzira: mukaona mndandanda wa "malo oipitsitsa" pa foni yanu, dzifunseni amene wavota, amene wajambula, ndi amene apindule mukautumiza kwa anzanu. Ndipo mukafika kumalo kwachilendo, samalani ndi munthu amene akukuuzani kuti mashehe onse ndi ogulidwa ndipo choona chili ndi kagulu kake kokha. Luton inalipira mtengo waukulu chifukwa cha anthu ochepa olankhula motero.

Kwa amene mukukhala kale m'matauni otere: musayankhe chipongwe ndi kukana chilichonse. Kuchotsa chonyansa panjira ndi sadaka, ndipo msewu wa kutsogolo kwa mzikiti uyenera kukhala waukhondo kuposa ina yonse. Pitani kumisonkhano ya khonsolo ndi ya makolo kusukulu. Itanani neba wanu amene si Msilamu ku futari. Onetsetsani kuti khutba ikumveka kwa ana anu m'chinenero chimene amaganizira.

Ndipo tonsefe, kulikonse kumene tili, tisanamizire kuti khalidweli ndi la azungu okha. Tikudziwa mmene nkhope zimasinthira kwathu munthu akanena kuti amakhala ku Ndirande kapena ku Mtandire, ndipo ena a ife amene timadandaula tikanyozedwa ndife amene timayamba kuseka. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mawu amene timaponyera malo a anzathu amakafika kwa ana awo, ndipo tidzafunsidwa za mawuwo monga tidzafunsidwire za china chilichonse.

Allah alandire swawm yathu ndi maswala athu, ateteze malilime athu, ndipo adalitse anthu a ku Luton ndi a malo onse amene amatchulidwa monyozedwa. Ameen.